Kutukula ndi kusuntha katundu wolemera ndi zitsulo zosinthika: kulemerako kumapita kuti?

Makina olemera makilogalamu 800 akhala pasimenti, akufunika kusunthidwa mamita atatu, ndipo khomo lake n'lopapatiza moti galimoto yonyamulira katundu ya forklift singalowe. Ntchito ngati imeneyi anthu awiri amaimaliza ndi chitsulo chotukulira chotalika mita imodzi ndi theka, zipika za mtengo wolimba ndi mapaipi anayi. Zitsulo zambiri zopangidwa masiku ano n'zosinthika: china chogwirira chake chimasololoka n'kutalika, china mutu wake umatembenuka n'kukhoma pomwe mwafuna, china chotsamira chake chimayenda m'mabowo. Kusinthikaku kumathandiza ndithu, koma ndi pomweponso zida zimapindikira ndi zala kuphwanyikira, chifukwa munthu akamva kuti katundu wapepuka m'manja amaganiza kuti wapepuka paliponse. Kulemerako sikupita kutali. Kumangochoka m'manja mwanu n'kukakhala pa chotsamira, pa pini, pa mlomo wa chitsulo ndi pansi pomwe chotsamira chaponda.

Masamu ake ndi ochepa ndipo ndi akale, Archimedes wa ku Syracuse anawalongosola zaka zoposa 2,200 zapitazo. Chitsulo chili ndi malo atatu: mlomo umene umalowa pansi pa katundu, chotsamira pomwe chitsulo chimagonera, ndi kumapeto komwe inu mumagwira. Mukayeza mtunda wochokera pa chotsamira kufika padzanja lanu, n'kuugawa ndi mtunda wochokera pa chotsamira kufika pomwe mlomo wakhudza katundu, yankho lake ndi kuchuluka kwa mmene mphamvu yanu yawonjezekera.

Titenge chitsulo cha masentimita 150. Chotsamira chikakhala masentimita 10 kuchokera pa katundu, kumbali yanu kwatsala 140, ndiye kuti mphamvu yanu yachulukitsidwa ka 14. Potukula mbali imodzi ya makina aja, ina ikadali pansi, simunyamula makilogalamu 800 onse. Mumanyamula pafupifupi theka, 400, bola kulemera kukhale pakatikati. Ngati mota kapena injini ili mbali imodzi, mbaliyo imaposa theka, choncho yang'anani kaye makinawo musanasankhe poyambira. Makilogalamu 400 kugawa ndi 14 ndi pafupifupi 29, zomwe ngakhale munthu wochepa thupi amakanikiza popanda kutuluka thukuta. Koma chogwirira chikatsika masentimita 70, makinawo amangokwera masentimita 5.

Apa ndi pomwe mtima umafuna kusuntha chotsamira kuti katundu akwere msanga. Chibwezeni m'mbuyo chifike pa masentimita 25. Tsopano mphamvu yanu ikuchulukitsidwa ka 5 kokha. Chogwirira chikatsika masentimita 70 omwe aja makina akwera 14, koma mukufunika kukanikiza makilogalamu 80, ndipo munthu wolemera 70 ngakhale atalendewera ndi thupi lonse sangawatukule. Izi aliyense amazimva m'manja. Zomwe sizimveka m'manja ndi zomwe zikuchitika m'chitsulomo. Mphamvu yofuna kupinda chitsulo imakula kwambiri pamwamba pa chotsamira penipeni, ndipo imatengera kulemera kwa katundu kuchulukitsa ndi mtunda wake kufika pa chotsamira. Kuchoka pa masentimita 10 kufika pa 25 kwaichulukitsa kawiri ndi theka, katundu ali yemweyo. Ndodo yachitsulo wamba yonenepa mamilimita 25 imakhala ili pamalire kale pa masentimita 10 aja; pa 25 ipindika basi. N'chifukwa chake crowbar yeniyeni imapangidwa ndi chitsulo cholimbitsidwa ndi moto, ndipo zitsulo zomangira nyumba zoika m'konkiriti siziyenera kulowa m'malo mwake. Kunenepa nakonso kumawerengedwa mosiyana ndi mmene diso limaonera: ndodo ya mamilimita 25 imapirira kupindika pafupifupi kawiri kuposa ya mamilimita 20 ya chitsulo chomwecho.

Pa katundu wolemera kwenikweni, chotsamira chikhale pafupi ndi katundu, ndipo msinkhu muupeze potukula kangapo. Mabowo a chotsamira akutali ndi mlomo ndi a katundu wopepuka amene mukufuna akwere kwambiri nthawi imodzi.

Chogwirira chosololoka chimakhala mapaipi awiri, ina yolowa m'inzake, yokhomedwa ndi pini kapena mphete yopotokola. Ubwino wake ndi woti chimalowa pamalo opanikizika chili chachifupi, n'kutalika pomwe pali mpata. Koma onani zomwe kutalikako kumachita. Chili pa masentimita 100, chotsamira chili pa 10, munthu wolemera makilogalamu 70 amafikitsa 630 pamlomo. Chikatalika kufika pa 150, munthu yemweyo amafikitsa 980. Mlomo sunanenepe, pini sinasinthe. Ntchito ya piniyo ndi kuletsa paipi kusololoka, osati kunyamula. Chomwe chimanyamula ndi gawo lomwe mapaipi awiriwo alowana. Gawolo likafupika, paipi yamkati imakanikiza kukamwa kwa yakunja pamalo ochepa, kukamwako kumakula, kenako kumang'aluka. Musapitirire bowo lomaliza kapena mzere womwe opanga anaika, ndipo ngati kutalika kwapakati kukukwanira, siyani pomwepo. Kuvalika paipi ina pa chogwirira kuti chitalike ndi vuto lomweli, kungoti palibenso pini yoti iigwire.

Zamutu wotembenuka zimakhala ndi mano mozungulira polumikizira ndi batani lomasulira. Mutu umatha kutembenuka mpaka madigiri 180 n'kukhoma pamalo oposa khumi. Pokanganula zinthu m'kati mwa injini kapena pansi pa makina omwe ali pafupi ndi khoma, palibe chida chochiposa. Koma ine sindingachipatse ntchito yonyamula makina onse, chifukwa kulemera konse kumadutsa m'mano ochepa chabe. Mchenga ukalowamo batani silibwerera lonse, mano amangogwirana nsonga, ndipo amalumpha katundu ali m'mwamba. Mukasintha mutu, mverani kuti batani lalira, gwedezani mutuwo ndi dzanja, kenako muyambe. Musasinthe chitsulo chili ndi katundu, musachimenye ndi hamala, ndipo musachipotolere cham'mbali, popeza polumikizirapo panapangidwa kuti papirire mbali imodzi yokha. Pochisamala, tsukani manowo ndi palafini n'kuthiramo mafuta opepuka. Girisi wokhuthala amasunga mchenga.

Palinso chija cha mpini wautali wa mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, chokhala ndi lilime lachitsulo lophwatalala ndi mawilo awiri kumunsi, chomwe ena amachitcha Johnson bar. Mawilowo ndiwo chotsamira, choncho mumatukula ngodya ya katundu n'kuyenda nayo. Chimafuna simenti yosalala ndi yosesedwa, chifukwa kamwala kamodzi kamaimitsa wilo mpini n'kukankha munthu. Kamng'ono kake ndi kotukulira mipando ndi mafiriji, kachogwirira kafupi ndi chotsamira chokwezeka, komwe kamabwera ndi timatayala tinayi toika m'ngodya. Kameneka n'ka katundu wa m'nyumba. Pa makina a makilogalamu 800 musakayese n'komwe.

Chitsulo chilichonse mwa izi chikapindika, ntchito yake yatha. Kuchiwongola ndi moto kapena kuchiwotcherera kumachotsa kulimba komwe chinapatsidwa kufakitale, ndipo pambuyo pake chimapindika msanga kapena kuthyoka pafupi ndi powotchererapo.

Tibwerere ku chotsamira, chifukwa anthu amasankha chitsulo mosamala n'kutola chilichonse chomwe chili pafupi kuti chitsulocho chigonerepo. Pa chitsanzo chija chotsamira chimasenza katundu pamodzi ndi mphamvu yanu, makilogalamu 400 kuphatikiza 29. Ngati chaponda pamalo a masentimita 5 mbali zonse, sikweya sentimita iliyonse ikusenza makilogalamu 17. Matailosi amasweka, dothi limalowa pansi, ndipo chotsamira chikalowa pansi masentimita awiri mwataya pafupifupi theka la msinkhu womwe mumayembekezera. Yalani thabwa lochindikala la masentimita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali pansi pake, kulemerako kutsika kufika pochepera kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita. Chipikacho chikhale cha mtengo wolimba, chogona chafufumimba, ndipo chitsulo chidutse mopingasa mitsempha ya mtengowo, chifukwa chikagona motsatira mitsempha chimawaza chipikacho ngati nkhwangwa. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi: zimaphwanyika mwadzidzidzi, pomwe mtengo umayamba walira ndi kufinyika, n'kukupatsani mpata wotsitsa katundu. Chitsulo pa chitsulo chimaterereka, makamaka pakakhala mafuta, choncho ikani kathabwa kopyapyala pakati pake.

Msinkhu wa chotsamira nawo ndi wofunika, ndipo apa zida zokhala ndi chotsamira chokwezeka zimaonetsa phindu lake. Chikafupika kwambiri, chogwirira chimagunda pansi katundu asanakwere. Chikatalika kwambiri, mlomo umalowa mozondoka n'kumangokanda m'mphepete mwa katundu mpaka kupulumuka. Poyenera ndi pomwe chogwirira chimayambira cha pachifuwa n'kuthera cha m'mawondo. Katundu akamakwera, chotsamira chizikwera naye.

Mlomo ulowe pansi pa chimango cha makina kapena pa mwendo wake, osati pansi pa malata ovindikira, potulukira mafuta, kapena m'mphepete mopyapyala mwa cast iron (chitsulo choumbidwa m'chikombole), yomwe imabenthuka m'malo mopindika. Ulowe ndithu, osati kungogwira ndi nsonga. Makina akamatirana ndi simenti moti palibe polowetsa, yambani ndi kachitsulo kosongoka mbali imodzi, mukakhome pang'onopang'ono mpaka papezeke mpata wolowetsa chitsulo chophwatalala cha mamilimita 5 kapena 6. Mpata umenewo ndi wokwanira kuti mlomo uyambe kugwira.

Kuyambira pamenepo ntchito ndi ya anthu awiri, ndipo wolamula akhale mmodzi. Wina ali pa chitsulo, wina akuika zipika. Tukulani masentimita awiri kapena atatu, mnzanu alowetse thabwa, tsitsani katundu akhale pathabwalo, kwezani chotsamira, mupite mbali inayo. Chitsulo si chosungira katundu m'mwamba. Chimangomupereka kwa chipika. Woika zipika azigwira chipikacho m'mbali, chala chisakhale pamwamba pake kapena pansi pake, ndipo ngati chikufunika kulowa m'kati azichikankha ndi kamtengo. Zipika zikafuna kusanjikizana, zigone ziwiriziwiri mopingasana, ndipo mulu wake usatalike kupitirira kawiri m'lifupi mwake. Wa pa chitsulo aime pambali pake, asachikwere pakati pa miyendo, asachikhalire, asachidumphire. Miyendo itangadze pang'ono kuti mlomo ukapulumuka asagwe chafufumimba, ndipo nkhope ikhale kunja kwa njira yomwe chogwirira chingadutse chikabwerera m'mwamba. Ngati mukufunika kudumphira kuti katundu anyamuke, sendezani chotsamira pafupi ndi katundu, osati kuitana munthu wachiwiri kuti alendewere nanu.

Katundu wamtali ndi wopapatiza ali ndi ngozi yakeyake, kugubuduka. Kabati yachitsulo ya masentimita 60 m'lifupi, yomwe pakati pa kulemera kwake pali masentimita 90 kuchokera pansi, imagwa ikapendekeka madigiri pafupifupi 18. Pamenepo mbali yomwe mukutukula yangokwera masentimita 19. Ngati zolemera zili m'mashelefu a pamwamba, imagwa isanafike pamenepo. Makina ena monga obowolera zitsulo oimirira ndi osemera zitsulo (lathe) ali chimodzimodzi, mutu wolemera miyendo yoyandikana. Tsitsani zonse zomwe zingatsike, tulutsani zam'kati, tukulani kumapeto kwa m'litali mwa katunduyo, ndipo kusiyana kwa mbali ziwirizo kusapose masentimita ochepa.

Katundu akakwera mokwanira, lowetsani mapaipi. Kukoka makina a makilogalamu 800 okhala pamatabwa pasimenti kumafuna mphamvu yofika pafupifupi theka la kulemera kwake. Pamapaipi anthu awiri amawakankha ndi manja. Mapaipi akhale achitsulo chochindikala, a mamilimita 40 kapena 50, ofanana kukula, otalika kuposa m'lifupi mwa katundu. Imodzi ikanenepa kuposa zinzake imasenza katundu yense yokha n'kumamupendeketsa uku ndi uko. Anayi ndiwo abwino: atatu pansi, imodzi ikudikira kutsogolo. Katundu amayenda mtunda wowirikiza kawiri womwe paipi yayenda, n'chifukwa chake mapaipi amatulukira kumbuyo msanga kuposa mmene munthu amayembekezera, ndipo woitola ayenera kukhala wokonzeka. Paipi yakutsogolo muziigwira kunsonga, zala zili kunja. Makina okhala ndi miyendo inayi yosiyana sagubuduzika pamapaipi. Amangireni kaye pa matabwa awiri ochindikala ogona m'litali. Pokhota, pendeketsani paipi yakutsogolo pang'ono kuloza komwe mukufuna kupita, kapena imenyeni kunsonga ndi hamala yamtengo.

Pomwe patsala masentimita ochepa kuti makina akhale pamalo pake, mapaipi sathandizanso. Apa chitsulo chimagwira ntchito mwanjira ina: lowetsani mlomo pansi pa m'mphepete, tukulani pang'ono kuti kulemera kuchoke pansi, kenako yendetsani chogwirira cham'mbali. Katundu amasuntha sentimita imodzi kapena awiri kulowera mbali yosiyana ndi komwe chogwirira chapita. Njirayi ndi ya chitsulo cholimba cha mutu umodzi, osati chamano chija.

Malo otsetsereka asakupusitseni ngakhale akuoneka ochepa. Pomwe pansi pakutsika sentimita imodzi pa masentimita 10 alionse, makina a makilogalamu 800 ali pamapaipi amakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 80 kulowera kumunsi, ndipo akayamba kuthamanga palibe dzanja lowaimitsa. Kumunsi kusakhale munthu. Mangani katunduyo kumtunda ndi chokokera cha tcheni chokhala ndi chogwirira chopalasa, chomwe chimapezeka cha matani 0.75, 1.5, 3 ndi 6, ndipo muzimasula pang'onopang'ono wina akutsatira ndi chipika chopinga paipi. Chidachi chili ndi buleki m'kati yomwe imagwira yokha katundu akakoka. Tcheni mudzoze mafuta koma bulekiyo asaikhudze. Chogwirira chake anachifupikitsa dala kuti mkono wa munthu ulephere tcheni lisanaduke, choncho nachonso musachivalike paipi. Tcheni lake musalizunguze pa katundu n'kulikola lokha; gwiritsani lamba wonyamulira, mbedza ikole pakati pake osati pansonga.

Pakafunika msinkhu woposa womwe chitsulo ndi zipika zingapereke mosavuta, pali jeki yaitali ya mabowo ambiri, yomwe yotchuka kwambiri ndi Hi-Lift ya ku Bloomfield, Indiana, ku America. Ndi chitsulo chotukulira chomwe chotsamira chake chimakwera chokha: mapini awiri amasinthana kulowa m'mabowo, ina ikugwira ina ikukwera. Opanga amailola kunyamula makilogalamu pafupifupi 2,100, ndipo ili ndi bawuti yomwe inapangidwa kuti iduke katundu akapitirira kwambiri. Ikaduka, ikani ya mtundu womwewo. Bawuti yolimba kuposa pamenepo imangosamutsira kuthyokako pamalo ena oopsa. Ngozi yake yaikulu ili potsitsa. Kachitsulo kosinthira pakati pa kukweza ndi kutsitsa kakatsitsidwa, katundu ndi amene amakankha chogwirira, ndipo chikapulumuka m'manja chimamenya m'mwamba ndi pansi mwaliwiro. Musanasinthe kachitsuloko, chogwirira chikhale choimirira chogundana ndi mzati wa jeki, kenako chigwireni ndi manja awiri, mutu uli pambali. Dziwaninso kuti katundu akachepera makilogalamu pafupifupi 70, jekiyi sitsika bowo ndi bowo. Imangogwa mpaka pansi. Mapini akauma kapena akadzaza matope amakakamira, choncho itsukeni ndi kuithira mafuta musanayambe. Phazi lake ndi laling'ono poyerekeza ndi kutalika kwake, ndipo ikakwera kwambiri imapendama mosavuta. Pansi pa katundu wokhala pa jeki imeneyi yokha sipalowa dzanja kapena munthu.

Kutsitsa makina kumafuna kuleza mtima kuposa kuwatukula, chifukwa anthu amakhala atatopa ndipo akuona kuti ntchito yatha. Njira yake ndi yomwe ija mobwerera: tukulani pang'ono kuti paipi kapena thabwa limasuke, mnzanu achotse limodzi lokha n'kusiya locheperapo, tsitsani, tsitsaninso chotsamira, mupite mbali inayo. Musachotse zipika zonse za mbali imodzi nthawi imodzi, chifukwa mbaliyo ikatsika masentimita 10 inayo ikadali m'mwamba, katundu amatha kutsetsereka pazipika zotsalazo. Chogwirira chizikwera muli chigwirire mpaka mutamva kuti kulemera kwachoka. Pomalizira penipeni mlomo umapanikizika pakati pa makina ndi simenti. Bwezeranipo chitsulo chophwatalala cha mamilimita 5 kapena 6 chija pafupi ndi ngodya, tsitsirani makina pamenepo, tulutsani mlomo, kenako gwirani m'mphepete ndi nsonga yopyapyala kapena kachitsulo kosongoka kaja kuti musolole chophwatalalacho ndi pulayala. Makina okhala ndi mabawuti olinganizira m'miyendo safuna zonsezi: tsitsani mabawutiwo agunde pansi mlomo usanapanikizike, ndipo kutsika kotsalako muchite ndi sipanala, levulo ili pamwamba.